Kubwerera ku Ntchito Mutachira Matenda a Maganizo

 Lero tikulankhula ndi inu amene mwapezako bwino mutadwala matenda a maganizo, ndipo mukufuna kuyambiranso ntchito.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 pamalo amodzi, akadwala, ali ndi ufulu wopuma masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka. Chofunika ndi kalata ya dokotala. Mukapita ku chipatala cha Gulupu kukatenga mankhwala, pemphani kalatayo, muichititse fotokope, ina musunge kunyumba. Abwana akakuchotsani chifukwa munajomba podwala, kadandauleni ku ofesi ya Leba. Zikakanika kumeneko, ku Blantyre kuno kuli khoti la Industrial Relations.

Musasiye mankhwala poti mwayamba ntchito. Ambiri amagwa pamenepa. Ngati akukugonetsani tulo masana, auzeni adokotala, mwina akusinthirani nthawi yomwera. Ntchito ya usiku, monga ya ulonda, ipeweni kaye, chifukwa kuchezera kumadzutsa matendawa.

Kodi muwauze abwana? Anzanu onse sayenera kudziwa, koma munthu mmodzi amene amakupatsani chilolezo cha tsiku la kuchipatala ndi bwino adziwe.

Inu achibale, lekani kumutsekera m'nyumba wochirayo. Mpatseni kampamba kochepa, ayambe ndi benchi ya tomato pakhomo, ndipo ndalama zake aziwerenga yekha.