Dziwani Kukula kwa Munda Wanu Musanagule Mbewu

Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti mbewu ndi feteleza si zinthu zosewera nazo. Poyendera mabanja ku Kabwata ndi ku Chelstone, taona kuti ambiri amagula mongoyerekeza chifukwa sadziwa kukula kwa malo amene amalima kuseri kwa nyumba. Feteleza akachuluka m'nthaka youma amawotcha chimanga. Akachepa, zokolola zimachepanso.

Vuto n'lakuti minda ya m'tauni siyowongoka. Kwina yapindika ndi ngalande, kwina yasongoka. Komabe tingaiyeze.

Zofunika

Chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse, zikhomo, pepala ndi pensulo. Mukhale awiri.

Njira yake

Jambulani munda papepala, ndipo muugawe m'zigawo zosavuta. Tiyerekeze munda wa zigawo zitatu.

1. Chigawo cha ngodya zinayi zowongoka. Chulukitsani mulitali ndi mulifupi. Mamita 20 kuchulukitsa ndi mamita 15 tikupeza masikweya mita 300.

2. Chigawo chosongoka cha ngodya zitatu. Yezani tsinde lake, kenaka yezani kuchokera pa tsinde kupita molunjika kunsonga. Musatsate mbali yopendekeka. Chulukitsani, n'kugawa pawiri. Tsinde ndi mamita 15, kufika kunsonga ndi mamita 10. Tikupeza 150, ndipo theka lake ndi 75.

3. Chigawo chokhotakhota cha m'mbali mwa ngalande. Kokani chingwe mbali yowongoka, imene pano ndi mamita 20. Pa mamita 5 alionse, kuyambira poyamba penipeni, yezani kufika m'mphepete. Tinene kuti tapeza 2, 4, 5, 3 ndi 1. Kuphatikiza zonse ndi 15. Tayeza kasanu, choncho 15 kugawa ndi 5 ndi mamita 3. Mamita 3 kuchulukitsa ndi 20 tikupeza 60. Yankho ili silikhala ndendende, koma mukayeza pafupipafupi limayandikira kwambiri.

Tsopano phatikizani: 300 ndi 75 ndi 60 ndi 435. Chotsani malo osabzalidwa. Ngati pali dzenje la zinyalala la mamita 5 ndi mamita 3, chotsani 15. Munda wathu ndi masikweya mita 420.

Tigule zochuluka bwanji?

Kuno ku Zambia tinazolowera lima. Lima imodzi ndi mamita 50 mbali zonse, ndiko kuti masikweya mita 2,500, ndipo malima anayi ndi hekitala imodzi. Malangizo odziwika a chimanga pa lima ndi mbewu ya makilogalamu 5, thumba limodzi la makilogalamu 50 la D Compound, ndi thumba limodzi la Urea.

Choncho masikweya mita 50 alionse amafuna kilogalamu imodzi ya D Compound, imodzi ya Urea, ndi magalamu 100 a mbewu. Gawani 420 ndi 50: mupeza 8 ndi pang'ono. Munda uwu ukufuna makilogalamu 8 ndi theka a feteleza wa mtundu uliwonse, ndipo kilogalamu imodzi ya mbewu ikwana. Wogula thumba lathunthu wataya ndalama ya ufa. Ndi bwino mabanja asanu ndi limodzi a minda yotere asonkherane thumba limodzi n'kugawana.

Yesani nokha

Munda uli ndi chigawo cha mamita 25 ndi mamita 10, ndi china chosongoka cha tsinde la mamita 10, kunsonga mamita 10. Ukufuna D Compound wochuluka bwanji? Mukapeza makilogalamu 6, mwakhoza. Kayezeni munda wanu mvula isanagwe, ndipo sungani pepalalo kuti mudzaonetse alangizi a zaulimi.