PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KUPHIKIRA MUNTHU WOTUPA M'MIMBA PAMENE NYAMA PALIBE

Kuno kwathu ku Angónia ndi ku Tsangano nyemba ndiye nyama yathu. Nkhuku imaphedwa kukabwera mlendo, mbuzi pa ukwati kapena pa maliro, koma masiku ena onse nsima imatsikira nyemba, khobwe, kabichi ndi masamba. Palinso abale athu ena amene sadya nyama chifukwa cha chipembedzo chawo. Tsono funso ndi ili: munthu amene mimba imamutupa akangodya nyemba, ndipo nyama sadya kapena sangathe kugula, timuphikire chiyani? Ambiri amangosiya ndiwo zonse nkumamwa phala lokha mpaka kuonda. Phunziro lino likuonetsani kuti munthu wotere angathe kudya nkukhuta ndi zakudya za m'munda ndi m'dimba mwathu momwemu.

MATENDAWA NDI OTANI?

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, amene mwa munthu wamkulu amatalika pafupifupi mamita 6. M'menemo ndi mmene thupi limayamwa zofunika zambiri. Zotsala zimapitirira ku matumbo aakulu, kumene kumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tizilomboti si adani. Tikakhala kwawo ku matumbo aakulu timathandiza thupi. M'matumbo aang'ono mumayenera kukhala tochepa chabe.

Ng'ombe ndi chuma zikakhala m'khola kapena kudambo, koma zikalowa m'munda ndi mlandu. Chimodzimodzi tizilomboti. Tikachuluka m'matumbo aang'ono timayamba kudya chakudya mwini wake asanachiyamwe, ndipo chakudyacho chimawira ngati mowa mumbiya nkutulutsa mpweya wambiri. Madokotala amatchula vutoli mwachidule kuti SIBO.

Zizindikiro zake ndi izi: mimba kufufuma munthu akangotha kudya, kulira m'mimba, kugeya ndi kutulutsa mpweya pafupipafupi, kupotokola, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, ndipo ena amadzimbidwa. Vuto likakhalitsa munthu amaonda ndi kuchepa magazi.

Vutoli limagwira kwambiri anthu amene matumbo awo amayenda mwaulesi kapena ali ndi potsekeka: amene adwala shuga zaka zambiri, amene anachitidwapo opaleshoni ya m'mimba, okalamba, amene kapamba wawo anaonongeka ndi mowa, ndi amene amwa kwa nthawi yaitali mankhwala ochepetsa asidi wa m'chifu monga omeprazole. Matendawa sapatsirana podyera mbale imodzi, ndipo si kulodzedwa kapena kudyetsedwa mankhwala m'chakudya monga ena amaganizira.

YAMBANI NDI CHIPATALA

Si kutupa m'mimba kulikonse kumene kuli SIBO. Njoka zam'mimba, tizilombo ta m'madzi oipa, zilonda za m'chifu, TB ya m'mimba, matenda a chiwindi ndi khansa zingayambe ndi zizindikiro zofanana. Nchifukwa chake munthu ayenera kukaonana ndi achipatala asanayambe kusala chakudya chilichonse. Njira yoyezera SIBO ndi yakuti wodwala amamwa madzi a shuga wapadera nkumapumira m'kachipangizo, koma kuyeza kumeneku sikupezeka m'zipatala zazing'ono za kumudzi. Kawirikawiri dokotala amayamba wayeza chimbudzi ndi magazi ndi kumva mbiri ya wodwalayo.

Musadikire mawa ngati muona chimodzi mwa izi:

- magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii;
- kusanza kosalekeza, kapena mimba kuuma gwaa osatuluka mpweya kapena chimbudzi;
- kuonda msanga, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku;
- maso achikasu, kutupa mapazi, kapena mimba yomakulirakulira osaphwa ngakhale m'mawa.

Mankhwala a matendawa ndi opha mabakiteriya, ndipo amalemba ndi dokotala. Musagule makapisozi pamsika nkumamwa mwa nokha. Dziwaninso kuti zakudya zimene tikambe pano sizipha tizilomboti. Ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya ndi ululu kuti wodwala azitha kudya, kugona ndi kugwira ntchito.

ZAKUDYA ZIMENE ZIMAWIRA M'MIMBA

M'chaka cha 2005 akatswiri a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafotokoza za mitundu ina ya shuga imene matumbo amalephera kuyamwa bwino koma tizilombo timaikonda kwambiri. Anaipatsa dzina loti FODMAP, ndipo yunivesite ya Monash yakhala ikuyeza zakudya kuti ione zimene zili ndi shuga wotere wambiri. Shuga ameneyu si wothira mu tiyi uja. Amabisala ngakhale m'zakudya zosatsekemera.

Zofunika kuchepetsa kwa kanthawi:

- nyemba, khobwe, nandolo, nzama, nsawawa ndi soya, kuphatikizapo nyama ya soya ya m'mapaketi;
- anyezi ndi adyo;
- zophikidwa ndi ufa wa tirigu monga buledi, mandasi ndi masikono;
- mkaka wa ng'ombe, wamadzi kapena waufa;
- bowa;
- mango, mavwende, mapeyala, maapozi, mapichesi ndi nthochi zakupsa kwambiri;
- uchi, zakumwa za gasi, ndi mowa wamtundu uliwonse.

Zimene ambiri amadya popanda vuto:

- nsima ndi phala la chimanga, mapira kapena mawere, mpunga ndi kachewere;
- mazira, mtedza ndi nthanga za maungu;
- mpiru, repu, tchainizi, bonongwe ndi masamba ena ofewa, karoti, mabiringanya ndi nkhaka;
- papaya, nanazi, malalanje, manachesi ndi nthochi yongoyamba kupsa.

Zina zili pakatikati, muyezo ndiwo nkhani: mbatata, chinangwa, kabichi, zitheba ndi therere lobala zisapitirire theka la kapu pa chakudya chimodzi, tomato akhale mmodzi wamng'ono pa munthu.

Taonani kuti nsima siili m'gulu loletsedwa. Wodwala asaope nsima. Ngati mgaiwa ukumulemera, asakanize ndi ufa woyera.

KAPHIKIDWE

1. Mafuta onunkhira anyezi

Amayi ambiri amati ndiwo zopanda anyezi si ndiwo. Nayi njira yake. Shuga wovutitsa wa mu anyezi ndi adyo amasungunuka m'madzi koma sasungunuka m'mafuta, pamene fungo lake limalowa m'mafuta. Dulani anyezi m'mapisi akuluakulu, kazingani m'mafuta okha pa moto wochepa, kenaka vuulani mapisi onse musanathire tomato, masamba kapena madzi. Mapisiwo patsani ena a m'banjamo. Mukangowiritsa anyezi mu msuzi nkumuchotsa pambuyo simunachite kanthu, shuga uja watsala mu msuzimo. Masamba obiriwira a anyezi mungathe kuwadula nkuthira m'ndiwo, koma mutu wake woyera ayi. Mafutawa muwagwiritse ntchito tsiku lomwelo.

2. Masamba otendera

Iyi ndiye ndiwo yaikulu ya wodwala wosadya nyama, chifukwa mtedza uli ndi zomanga thupi ndi mafuta koma suwira ngati nyemba. Sankhani mtedza bwino musanasinje. Tayani wonse wachuku, wowola ndi wonyala, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi. Wiritsani mpiru, repu kapena bonongwe m'madzi ochepa ndi mchere, thirani tomato pang'ono, kenaka nsinjiro masupuni aakulu 2 kapena 3 pa munthu mmodzi. Vundulani, ndipo zisiyeni zibwate mpaka nsinjiro zitapsa. Pophika nkhwani sadzulani bwino, sankhani masamba anthete. Chidulo kapena soda musachulutse chifukwa amapha mavitamini ena a m'masamba.

3. Mazira a mabiringanya

Dulani biringanya limodzi ndi karoti mmodzi tizidutswa tating'ono, kazingani m'mafuta onunkhira aja, thirani tomato ndi timadzi pang'ono, vundikirani mpaka zifewe. Swerani mazira 2 pamwamba nkutakasa mpaka apse. Mazira alibe shuga wowira ngakhale pang'ono. Ngati pakhomo pali nkhuku, mazira ena asamapite onse kumsika. Dzira limodzi pa tsiku kwa wodwala ndi mankhwala otsika mtengo.

4. Futali wa kachewere

Kachewere ndi wathu, timalima tokha ndipo timagulitsa mpaka ku Lizulu ndi ku Tete. Sendani kachewere, dulani, wiritsani pamodzi ndi karoti. Akafewa thirani nsinjiro zosungunula m'madzi ndi mchere pang'ono. Chakudya chimenechi chimalowa m'malo mwa buledi m'mawa, ndipo chimagwira m'mimba kwa munthu wopita kumunda.

5. Nthanga za maungu

Musataye nthanga. Ziyanikeni, kazingani, sinjani ndi kusefa. Masupuni 2 a ufa wake mungathire m'phala kapena kutendera nawo masamba pamene mtedza watha.

6. Chipere

Nyemba sitikuzithamangitsa mpaka kalekale. Mimba ikayamba kukhazikika, ziphikeni motere: viikani usiku wonse m'madzi ambiri, tayani madziwo, chotsani makoko, wiritsani m'madzi atsopano, tayaninso madziwo, kenaka phikani m'madzi ena mpaka zifewe nkuzipota ndi mthiko. Shuga wovutitsa uja amasungunuka m'madzi, choncho wina amachoka ndi madzi otayidwawo. Sachoka yense ayi. Nchifukwa chake wodwala ayambe ndi masupuni 2 okha, ndipo msuzi wa nyemba za banja lonse asathire pa nsima yake.

KADYEDWE NAKO NKOFUNIKA

Matumbo aang'ono ali ndi tsache lawolawo. M'mimba mukakhala mopanda chakudya, matumbo amadzifinya mwamphamvu pakatha mphindi 90 mpaka 120 zilizonse nkukankhira zotsalira ndi tizilombo ku matumbo aakulu. Munthu akangodya kanthu, kusesako kumaima. Wodya chimanga chokazinga apa, mbatata apa, thobwa apa tsiku lonse sapatsa tsachelo mpata. Ndi bwino kudya katatu pa tsiku, kusiya maola 4 pakati, ndi kumwa madzi abwino okha pakatipo. Tafunani bwino, idyani mosathamanga, ndipo musapite kukagona mutangosamba m'manja.

Chitsanzo cha tsiku limodzi:

- M'mawa: phala la nsinjiro kapena futali wa kachewere, tiyi wopanda mkaka, ndi chidutswa cha papaya.
- Masana: nsima, mpiru wotendera ndi dzira lowiritsa.
- Madzulo: mpunga kapena nsima, mazira a mabiringanya, ndi lalanje limodzi.

Sikofunika kuphika miphika iwiri tsiku lililonse. Masamba otendera ndi futali banja lonse lingadye. Patulani gawo la wodwala musanathire anyezi, basi.

KUSALA KUMENEKU KULI NDI MALIRE

Kuchepetsa zakudyazi kusapitirire masabata 2 mpaka 6. Kusala nthawi yaitali kumasowetsa chakudya tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu, ndipo munthu amafooka. Mukaona kusintha, yambani kubweza zakudya chimodzichimodzi. Mwachitsanzo Lolemba masupuni 2 a chipere, Lachiwiri 4, Lachitatu theka la kapu. Ngati mimba ili phee, chakudyacho chabwerera. Ngati yatupa, bwererani pa muyezo umene sunavute. Pumani masiku 3 nkuyesa china monga buledi, mkaka kapena mango. Musayese ziwiri pamodzi, simudzadziwa cholakwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene amatha kulemba azilemba m'kope zimene adya ndi mmene mimba yachitira, kopelo apite nalo kuchipatala. Ngati masabata 6 atha popanda kusintha kulikonse, siyani kusalako mubwerere kwa dokotala.

Pali vitamini wina wotchedwa B12 amene amathandiza kupanga magazi ndi kuteteza mitsempha. Sapezeka m'masamba kapena m'mtedza, amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Tizilombo tochuluka m'matumbo aang'ono timalanda vitamini ameneyu. Tsono munthu wosadya nyama amene ali ndi vutoli ali pa chiopsezo kawiri. Ngati mukumva dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kutopa msanga kapena lilime kupweteka, auzeni achipatala, ndipo muwauzenso kuti simudya nyama. Pali mapiritsi ndi jakisoni wa vitamini ameneyu.

Anthu awa asayambe kusala zakudya kapena kutalikitsa nthawi yodyera popanda uphungu wa achipatala: ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, anthu oonda kale, amene akumwa mankhwala a TB kapena a TARV, amene ena amati ma ARV, ndi odwala shuga amene ali pa mankhwala. Mwana wotupa mimba, wa tsitsi lofiira kapena wotupa mapazi afunika chakudya chochuluka ndi chipatala msanga, osati kumumana nyemba.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU OMVERA WAILESI

1. Tchulani zizindikiro 3 zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.
2. Nchifukwa chiyani anyezi timamukazinga m'mafuta okha nkumuchotsa tisanathire madzi?
3. M'mudzi mwanu, ndi ndiwo ziti zomanga thupi zimene munthu angadye m'malo mwa nyemba m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale?
4. Banja lingathandize bwanji wodwala pa maliro kapena pa ukwati pamene ndiwo ndi nyemba ndi kabichi zokha?

Kambiranani mafunsowa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere. Mayankho ndi mafunso anu tumizani kuno ku wailesi kudzera kwa mtsogoleri wa gulu lanu, tidzawayankha pa pulogalamu ya zaumoyo.