MPHUNZITSI AMENE ANAYAMBIRA PA MASOKOSI

Anthu a m'dziko la Amereka amakonda kwambiri masewera a basiketibolo. Masewerawa anawayambitsa ndi James Naismith m'chaka cha 1891. Amafanana pang'ono ndi ntchemberembaye, koma timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu, ndipo wosewera amaloledwa kuthamanga uku akunjanjitsa mpira pansi. Cholinga chake ndi kuponya mpirawo m'dengu lobooka kunsi, limene limapachikidwa pamwamba, mamita atatu kuchokera pansi. Sukulu zaukachenjede za kumeneko zili ndi matimu, ndipo chaka ndi chaka zimalimbirana chikho cha dziko lonse.

Mmodzi mwa aphunzitsi a masewerawa amene mbiri yawo siiwalika ndiye Bambo John Wooden. Iwo anabadwa m'chaka cha 1910 m'chigawo cha Indiana, nakulira pa famu. Atatsiriza maphunziro awo anayamba kuphunzitsa Chingerezi ndi masewera m'sukulu za sekondale. Pambuyo pake anakaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya Indiana State.

M'chaka cha 1947 timu ya pa kolejiyo inaitanidwa ku mpikisano waukulu mumzinda wa Kansas City. Koma kumeneko kunali lamulo loletsa anthu akuda kusewera. M'timumo munali mnyamata wakuda, dzina lake Clarence Walker. Bambo Wooden anakana kupita popanda iye, choncho timu yonse inatsala. Chaka chotsatira lamulo lija linasinthidwa, ndipo Walker anakasewera pamodzi ndi anzake.

M'chaka cha 1948 Bambo Wooden anasamukira ku yunivesite ya UCLA mumzinda wa Los Angeles. Kumeneko anyamata atsopano ankadabwa ndi phunziro lawo loyamba. M'malo mowapatsa mpira, mphunzitsiyo ankawakhazika pansi ndi kuwaonetsa kavalidwe ka masokosi. Aliyense ankayenera kusalaza sokosi lake kuyambira ku zala mpaka ku chidendene kuti pasatsale khwinya. Kenaka ankaphunzira kumanga zingwe za nsapato molimba. Ena ankaseka chamumtima poona kuti anyamata a ndevu zawo akuphunzitsidwa zinthu za ana. Komatu khwinya la sokosi limatulutsa thuza, ndipo wosewera wa thuza sathamanga bwino. Mmodzi akamatsimphina, timu yonse imafooka. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Tsiku lililonse Bambo Wooden ankalemba pa timakadi zonse zimene anyamata adzachite pokonzekera, ndiponso mphindi zimene chilichonse chidzatenge. Ngakhale zinali choncho, chikho sichinabwere msanga. Anachiyembekeza kufikira chaka cha 1964. Chaka chimenecho anyamata awo anali afupiafupi poyerekeza ndi a matimu ena, koma anali aliwiro ndi ogwirizana. Anasewera masewera 30 osagonja ndi kamodzi komwe. Kuyambira 1964 mpaka 1975 UCLA inatenga chikho kakhumi. Pakati pa 1971 ndi 1974 inapambana masewera 88 motsatizana, kufikira pamene timu ya Notre Dame inaigonjetsa ndi mapointi 71 kwa 70.

Ochemerera akalekale akakumana, sachedwa kutchula maina a anyamata awiri. Woyamba ndi Lew Alcindor, amene pambuyo pake anatenga dzina lakuti Kareem Abdul-Jabbar. Iye anali wamtali masentimita 218, kuposa chitseko cha nyumba. Ankangolumpha ndi kuwutsindira mpira m'dengu kuchokera pamwamba. M'chaka cha 1967 akuluakulu a masewera analetsa kagoletsedwe kameneka m'makoleji. Alcindor anakhumudwa, koma mphunzitsi wake anamlangiza kuti lamulolo lidzamthandiza kuphunzira njira zina. Tsono iye analimbikira kuponya mpira ndi dzanja limodzi moudutsitsa pamwamba pa mutu, mwakuti adani sankatha kuutchinga. Atalowa m'bungwe la akatswiri la NBA, lusoli linamthandiza kwambiri. Kuyambira 1984 mpaka 2023 panalibe wina womposa pa chiwerengero cha mapointi m'bungwelo.

Wachiwiri ndi Bill Walton. Pa masewera olimbirana chikho a 1973, polimbana ndi timu ya Memphis State, iye anaponya mpira ka 22 ndipo unalowa ka 21. Koma tsiku lina katswiri yemweyu anafika pa bwalo ndi tsitsi lalitali, pamene lamulo la timu linali lakuti onse azimeta. Iye anati tsitsi ndi lake ndipo palibe angamkakamize. Bambo Wooden sanakalipe. Anavomereza kuti mnyamatayo ali ndi ufulu wosunga tsitsi lake, koma anamuuza mofatsa kuti timu idzamsowa. Walton anazindikira kuti lamulo silisankha katswiri. Anakwera njinga, nathamangira kwa wometa.

Bambo Wooden anapuma pa ntchito m'chaka cha 1975, ndipo anamwalira m'chaka cha 2010 ali ndi zaka 99. Pa zaka zonsezo anyamata awo akale sanawataye. Walton ankawaimbira lamya kawirikawiri. Abdul-Jabbar analemba buku lofotokoza za ubwenzi wawo, limene linatuluka m'chaka cha 2017. Ochemerera amakumbukira zikho ndi mapointi. Koma osewera akamasimba za mphunzitsi wawo, amayamba ndi masokosi aja. Iwo amati sankawaumiriza za kupambana, koma kuti aliyense achite zonse zimene angathe, ngakhale pa kanthu kakang'ono. Inunso, pamene mulemba chilembo chimodzi bwinobwino kapena kusesa m'ngodya zonse za kalasi, muli kuphunzira phunziro lomwelo.

Mau atsopano
khwinya, thuza, kunjanjitsa, kutsimphina, ochemerera, motsatizana

Mafunso
1. Kodi basiketibolo imasiyana bwanji ndi ntchemberembaye?
2. N'chifukwa chiyani timu ya Indiana State sinapite ku Kansas City m'chaka cha 1947?
3. Fotokozani mmene khwinya la sokosi lingafooketsere timu yonse.
4. Panapita zaka zingati kuchokera pamene Bambo Wooden anafika ku UCLA kufikira pamene anatenga chikho choyamba?
5. Kodi Alcindor anachita chiyani atamva za lamulo latsopano?
6. Inu mukanakhala Bambo Wooden, mukanamlola Walton kusewera osameta? Perekani zifukwa.

Zoti muchite
(a) Lembani ziganizo pogwiritsa ntchito mau atsopano ali pamwambawa.
(b) Kambiranani tanthauzo la mwambi wakuti, "M'mera mpoyamba."
(c) Funsani makolo anu za wosewera wakale amene amamkumbukira, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi.