Kutentha kwa Oilo wa Giyabokosi: Phunziro kwa Eni Malole ndi Makomiti a Chitukuko

Ntchito zambiri za chitukuko m'mawadi zimadalira lole. Simenti ya midadada ya sukulu, malata a chipatala, mchenga, feteleza ndi chimanga zimafika pamalo chifukwa pali galimoto imene yazinyamula. Lole ikafera panjira, amisiri amakhala manja lende, mvula imapeza nyumba isanafoleredwe, ndipo ndalama za zipangizo zimathera kwa makaniki. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha malole mwakachetechete ndicho kutentha kwa oilo wa m'giyabokosi, makamaka m'malole osintha okha magiya.

Ntchito ya oiloyu

M'giyabokosi yosintha yokha magiya, oilo ali ndi ntchito zitatu. Amatereretsa zitsulo kuti zisakhulane, amachotsa kutentha, komanso ndiye amanyamula mphamvu ya injini kupita nayo ku magiya kudzera m'chipangizo chotchedwa torque converter. Lole ikamakoka katundu wolemera pang'onopang'ono, oilo amatakasika kwambiri m'chipangizochi, ndipo gawo la mphamvu ya injini limasanduka kutentha. Oilo wotenthayo amadutsa m'mapaipi kupita kokaziziritsidwa, kawirikawiri pa ladiyeta, kenaka n'kubwerera.

Oilo akatentha mopyola muyeso amapsa. Amataya mphamvu yake yotereretsa, malabala otseka mipata amauma n'kuyamba kudontha, ndipo mbale za klachi za m'kati zimayamba kuterereka. Kuterereka kumeneku kumabalanso kutentha kwina, mpaka giyabokosi yonse kuwonongeka.

Manambala ofunika kuwadziwa

Kampani ya Allison, imene imapanga magiyabokosi a malole ndi mabasi, imati oilo wa m'chiwaya cha pansi pa giyabokosi amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 71 ndi 93, ndipo sayenera kupitirira madigiri 121. Magiyabokosi a makampani ena ali ndi malire oyandikana ndi amenewa, ndipo buku la galimoto iliyonse limatchula malire ake. Geji ya madzi a injini siionetsa kutentha kwa giyabokosi. Malole ena ali ndi geji kapena nyali yochenjeza yakeyake, ndipo pamene palibe, makaniki angathe kuika geji yapadera pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa giyabokosi.

Pamene ngozi imakula

Zinthu zitatu zikakumana, oilo amatentha msanga: katundu wopyola muyeso, chitunda chachitali ndi dzuwa loswa mtengo. Chitsanzo chodziwika ndi msewu wa M1 wochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha m'chigwa cha Shire kumafika madigiri 40, ndipo lole yodzaza imakwera mamita mazanamazana m'makhotamakhota, pa liwiro lochepa, mphepo yozizira isakufika mokwanira pa ladiyeta. Zitunda za Chiweta ndi Khwekhwelere zili ndi vuto lofananalo. Lole yotitimira mumchenga kapena m'matope nayonso imatenthetsa oilo m'mphindi zochepa ngati woyendetsa akungoponda moto matayala asakusuntha.

Zoyenera kuchita woyendetsa

Asanayambe chitunda, woyendetsa asankhe giya yotsika ndi kuisunga, kuti giyabokosi isamangosinthasintha. Asaimitse lole pachitunda poponda moto. Ntchito imeneyo ndi ya mabuleki. Akaima nthawi yaitali injini ikulira, aike pa nyutulo.

Geji ikakwera kapena nyali ikayaka, apatuke pamalo abwino, amange buleki ya dzanja, aike pa nyutulo, koma asazimitse injini nthawi yomweyo, chifukwa injini ikazima oilo amaleka kuyenda ndipo kutentha kumatsalira m'kati. Malangizo a Allison ndi akuti injini ilire pa liwiro la pakati pa 1,200 ndi 1,500 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kutentha kukapanda kutsika, injini izimitsidwe ndipo aitanidwe makaniki. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Kuyang'ana oilo

Oilo ayezedwe lole ili pamalo athyathyathya, injini itatentha ndipo ikulira, potsatira buku la galimotoyo. Oilo wochepa amatentha msanga, ndipo wochuluka kwambiri amachita thovu, nayenso n'kutentha. Oilo wa magiyabokosi ambiri osintha okha amakhala wofiira ndi woonekera bwino. Akada n'kumanunkha chopserera, ndiye kuti wapsa ndipo asinthidwe pamodzi ndi sefa yake. Akaoneka ngati wasakanizika ndi mkaka, madzi a ladiyeta alowamo, ndipo lole isayende mpaka itakonzedwa. Matope, udzu ndi mankhusu zotseka ladiyeta zichotsedwe kawirikawiri, makamaka nthawi yokolola.

Malole osintha magiya ndi dzanja amagwiritsa ntchito oilo wa mtundu wina ndipo satentha msanga chotere, komabe oilo akachepa chifukwa cha kudontha, magiya amalira ndi kudyeka. Mitundu iwiri ya oiloyi isasinthanitsidwe pokhapokha buku la galimoto likulola.

Udindo wa makomiti

Kulemera kwa katundu nthawi zambiri amagamula ndi wobwereka galimoto. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera ikaumiriza kuti matumba a maulendo awiri akwere paulendo umodzi pofuna kupulumutsa ndalama ya mafuta, imaika pachiswe galimoto, katundu ndi miyoyo ya anthu apamsewu. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, choncho lole ya matani atatu imakwana ndi matumba 60. Makomiti awerengere maulendo okwanira mu bajeti, akonze kuti katundu wolemera anyamuke m'mamawa kusanatenthe, ndipo woyendetsa akaima panjira kuti giyabokosi izizire, asamuone ngati wozengereza. Mphindi zochepa zimenezo n'zimene zimachititsa kuti simenti ifike pasukulu tsiku lomwelo.