Maloko a pa zimbale za mafilimu: mafunso anu, mayankho athu

Woulutsa: Lero tili ndi makalata okhudza zimbale za mafilimu, ndipo katswiri wathu wa zamakompyuta ali nafe muno. Bambo, takulandirani.

Katswiri: Zikomo kwambiri, ndathokoza.

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti mwana wawo anawatumizira chimbale cha Blu-ray kuchokera ku America, koma makina awo akuchikana pomwe zimbale zina akuonera bwinobwino. Akufunsa ngati mwanayo anagula chachinyengo.

Katswiri: Ayi bambo, mwana wanu sanapusitsidwe. Opanga Blu-ray anagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu. America ndi Japan ali m'chigawo A, Africa ndi Europe m'chigawo B, pomwe China, India ndi Russia ali m'chigawo C. Tembenuzani chikuto cha chimbalecho, muona kachilembo kumbuyo. Ngati ndi A yekha, makina a chigawo B sangachilole. Mumuuze mwanayo kuti ulendo wina azisankha chokhala ndi zilembo zonse zitatu. Zimbale za Ultra HD Blu-ray, zomwe zinayamba kugulitsidwa mu 2016, zilibe zigawo zimenezi, koma zimafuna makina akeake.

Woulutsa: Mtsikana wina wophunzira zamakompyuta ku Blantyre akufuna kudziwa mmene loko wa pa zimbalezi amagwirira ntchito.

Katswiri: Funso labwino, mwanawe. Tiyambire pa DVD. Loko wake, wotchedwa CSS, anali ndi kiyi wa ma bit 40 okha, ndipo mu 1999 pulogalamu ya DeCSS inamutsegula. Mmodzi mwa oikonza anali Jon Lech Johansen wa ku Norway, wazaka 15 panthawiyo. Anamutengera kukhoti, koma mu 2003 anamupeza wosalakwa.

Makampani a mafilimu anaphunzirapo. Disney, Warner Bros., Sony, Panasonic, Toshiba, Intel, Microsoft ndi IBM anagwirizana nakhazikitsa loko watsopano wa AACS, woikidwa pa Blu-ray ndi HD DVD. Filimu imasokonezedwa ndi njira ya AES ya kiyi wa ma bit 128, moti kungoyesa manambala mmodzimmodzi simungamupeze ngakhale mutasonkhanitsa makompyuta onse a pa dziko. Makina aliwonse ovomerezeka amakhala ndi makiyi awo. Pachimbale pali kagawo kotchedwa Media Key Block, ndipo makina amagwiritsa ntchito makiyi awowo potulutsa m'kagawoko kiyi wotsegulira filimu. Luso lake lagona apa: makiyi a makina ena akabedwa, zimbale zotuluka pambuyo pake zimakonzedwa kuti ziziwakana.

Woulutsa: Apa ndiye pakugwera funso la mayi wina wa ku Mzuzu. Akuti ngati lokoyo ndi wolimba chonchi, nanga mafilimu omwewo amapezeka bwanji m'misika ndi pa intaneti?

Katswiri: Mayi, mwafunsa pamutu penipeni pa nkhaniyi. Palibe amene anathyola AES. Vuto ndi lakuti woonera filimu ayenera kupatsidwa kiyi, apo ayi saonera. Zili ngati nyumba ya chitseko chachitsulo imene mwini wake wagawira kiyi kwa alendi onse: wakuba savutika ndi chitseko, amangofufuza m'matumba.

Ndi zimene zinachitika mu December 2006. Munthu wina wodzitcha muslix64 anapeza makiyi m'kati mwa kompyuta pamene pulogalamu yoonetsera filimu inkagwira ntchito. Pofika February 2007, wina anatulutsa kiyi wamkulu woyamba ndi 09 F9, yemwe ankatsegula zimbale zonse zotuluka kufikira nthawi imeneyo. Maloya a eni ake a AACS atalemba makalata olamula kuti nambalayo ichotsedwe pa intaneti, anthu anaifalitsa kwambiri, ena mpaka kuidinda pa malaya. Eni akewo anasintha makiyi, koma atsopanowo anatulukanso pasanapite nthawi.

A Blu-ray anawonjezera loko wachiwiri wotchedwa BD+, koma kampani ya SlySoft ya ku Antigua inamutsegula mu 2008, chaka chomwe Toshiba inasiya kupanga HD DVD. Ngakhale HDCP, loko wa Intel woteteza zithunzi zodutsa mu chingwe cha HDMI, kiyi wake wamkulu anatuluka mu 2010.

Woulutsa: Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe. Anagula chimbale pamsika, ndipo filimu itafika mphindi pafupifupi 20 mawu anazima, pa sikirini n'kubwera uthenga. Kodi makina ake afa?

Katswiri: Makina ali bwino, achimwene. Chimenecho ndi Cinavia, chizindikiro chobisidwa m'mawu a filimu chomwe khutu silimva. Chimatsalira ngakhale filimuyo ikopedwe kapena kujambulidwa ndi kamera mu holo yoonetsera mafilimu. Kuyambira 2012, makina atsopano a Blu-ray amayenera kuchizindikira, ndipo akachipeza pa chimbale chopanda loko wa AACS amazimitsa mawu. Mwachidule, anakugulitsani chokopera. Musapite ndi makinawo kwa okonza, mungotaya ndalama.

Woulutsa: Mawu anu otsiriza, bambo?

Katswiri: Chimandipweteka n'chakuti amene amavutika kwambiri ndi malokowa ndi wogula mwachilungamo, monga bambo a ku Zomba aja, pomwe wokopera amapeza njira. Komabe kufooka kwa loko si chilolezo chokopera. Kuno kwathu tili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 komanso bungwe la COSOMA, ndipo opanga mafilimu ndi oimba athu alibe AACS kapena BD+ wowateteza. Chowateteza ndi inu omvera. Mukakonda ntchito ya munthu, igulani kwa mwini wake kuti mawa athe kupanga ina.