Nkhani ya Chiphaso: Pamasom'pamaso Kapena pa Foni?

Kodi munapitako ku ofesi ya Khonsolo ya Nkhotakota kukatenga chiphaso? Ngati muli ndi golosale, malo odyera kapena malo ogulitsira mowa, mukudziwa kuti Khonsolo ndiyo imapereka chiphasochi. Ena amachitchula kuti laisensi. Lamulo la makhonsolo la chaka cha 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zoyang'anira malonda m'madera awo ndi kutolera ndalama za ziphaso.

Chiphaso cha golosale sichivuta. Chimene chimautsa mkangano kawirikawiri ndi chiphaso cha mowa.

Tiyeni tiyerekeze. Pa dooko lina pafupi ndi Chia, bambo wina akufuna kutsegula bala. Iye akuti: "Asodzi akatsika m'bwato amafuna popumira. Inenso ndikufuna kudyetsa ana anga." Mawu ake ndi omveka. Koma pafupi ndi malowo pali sukulu ya pulayimale ndi mzikiti. Amayi oyanika usipa pa thandala akudandaula kuti ndalama za nsomba zizithera pomwepo, zisanafike kunyumba. Aphunzitsi akuopa phokoso, ndiponso akuopa kuti anyamata osakwana zaka 18 azigulitsidwa mowa, pamene lamulo limaletsa. Mawu awonso ndi omveka.

Akuluakulu oona za ziphaso asanavomere kapena kukana, ayenera kumva mbali zonse ziwiri. Funso lathu lero ndi ili: azimva bwanji? Anthu azikumana pamasom'pamaso, kapena azilankhulana pa foni ndi pa kompyuta?

Funso limeneli linabwera ndi matenda a korona. Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti m'dziko muno mwagwa zamalodza, ndipo linaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Mu Epulo chaka chomwecho odwala oyamba anapezeka m'Malawi. Maofesi ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kuchita misonkhano pa intaneti, makamaka pa Zoom. Aliyense amakhala kwake, koma amaonana pa kanema wa foni. Matendawo atachepa, njirayi sinathe. M'chaka cha 2024 makhoti a dziko lino anakhazikitsa njira yomvera milandu ina pa intaneti, woimbidwa mlandu ali kundende, woweruza ali kukhoti. Choncho musadabwe tsiku lina mukamva kuti nkhani ya chiphaso ikambidwa pa foni.

Ubwino wake ulipo ndithu. Boma lathu ndi lalitali, linatambalala motsata nyanja. Kuchokera ku Dwangwa kufika pa boma ndi mtunda wopitirira makilomita 50. Munthu wa kwa Kanyenda kapena kwa Kafuzira amalipira minibasi kupita ndi kubwera, tsiku lonse n'kuthera m'njira. Kwa mayi wogulitsa nsomba zaziwisi, tsiku limodzi ndi ndalama zambiri, chifukwa chambo sichidikira. Nthawi ya dzinja msewu wa M5 umavutanso. Ambiri mukukumbukira madzi osefukira a ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, pamene msewu unaduka. Foni imadutsa pamene galimoto yalephera.

Koma tiyeni tione mbali inayo mofatsa, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani.

Msonkhano wa pa kanema umafuna foni yaikulu ija, osati kafoni ka mabatani. Umafuna bandulo, ndipo bandulo ndi ndalama. Umafuna foni yotchaja, pamene m'midzi yambiri ya kunyanja kutchaja n'kolipira. Umafunanso netiweki yosadukaduka. Tsono ndani ali nazo zonsezi? Kawirikawiri ndi uja wofuna kutsegula bala, chifukwa ali ndi ndalama kale. Agogo amene nyumba yawo yayandikana ndi malowo alibe. Mapeto ake, akuluakulu amva mbali imodzi yokha n'kuganiza kuti palibe wotsutsa.

Chinanso, pa foni munthu amalankhula yekhayekha. Pabwalo sizitero. Mayi mmodzi akaimirira, anzake makumi awiri amene akhala kumbuyo kwake amavomera kuti, "Eee, n'zoona!" Akuluakulu amaona ndi maso awo kuti nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Wamanyazi amalimba mtima poona anzake. Wonama amachita mantha poona nyakwawa ya mudzi wake ili pomwepo. Ndipo msonkhano ukachitikira pa dooko penipeni, munthu angathe kuloza ndi chala kuti, "Bwana, sukulu ndi iyo, bala lidzakhala apa. Tiyeni tiwerenge mapazi." Zimenezi pa kanema n'zovuta.

Ife a ku Nkhotakota timadziwa kulemera kwa kukumana. Pa boma pali mtengo waukulu uja pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863, kukamba za malonda a akapolo. Jumbe sanasiye malondawo, chifukwa kukumana sikuthetsa nkhani iliyonse. Koma mpaka lero timaloza malo pamene mawuwo ananenedwa.

Maganizo anga ndi awa. Kulipira chiphaso chakale chimene palibe akuchitsutsa, kapena kufunsa tsiku la msonkhano, foni ndi yokwanira. Koma pamene pali mkangano, anthu azikumana. Ngati wina walepheradi kufika chifukwa cha mtunda kapena matenda, ameneyo amuimbire foni, anthu onse akumva.

Nanga inu mungachite chiyani? Apa ndi pamene sukulu ya kwacha ikukuthandizani. Kale mukadutsa pa ofesi, mapepala omatidwa pakhoma anali ngati zokongoletsera chabe. Lero mungathe kuima n'kuwerenga. Muzimveranso zidziwitso pa wailesi ya Nkhotakota Community Radio. Mukamva za msonkhano, funsani khansala wa dera lanu kapena a komiti ya chitukuko ya m'mudzi tsiku lake, malo ake, ndiponso ngati udzachitike pa foni. Ukakhala wa pa foni, sonkhanani pamalo amodzi pamene netiweki imagwira bwino, ndipo musankhe mmodzi wokuyankhulirani.

Koposa zonse, lembani kalata. Netiweki ikaduka mawu amatayika, koma kalata imakhala m'faelo. Siyenera kukhala yaitali. Onani chitsanzo ichi:

Kwa Bwana DC,
Khonsolo ya Nkhotakota.

Ife anthu a m'mudzi mwa .......... tamva kuti pa dooko lathu pakufuna kutsegulidwa bala. Malowo ali pafupi ndi sukulu. Tikupempha kuti mubwere mudzaone malowo ndi kumva mawu athu musanapereke chiphaso.

Ndife anu,
..........

Lembani tsiku pamwamba. Aliyense alembe dzina lake yekha, ndipo amene sanaphunzire kulemba adinde chala. Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye ku ofesi, inayo akudindireni chidindo ndipo muisunge kunyumba. Ngati ndinu wofuna chiphaso, inunso lembani yanu. Fotokozani maola amene muzitsegula ndi kutseka, ndi pamene mwakumba chimbudzi.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi kuchoka kwanu kufika pa boma ndi kubwerera mumalipira ndalama zingati?
2. M'mudzi mwanu, ndi pamalo pati pamene netiweki imagwira bwino?
3. Lembani kalata yanu m'kope, ndipo muwerengere mnzanu.