Mpira, ganyu ndi makalabu: tigawe bwanji chaka chathu kuno kuchigwa?

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, imani kaye pano belu lisanalire. Chaka cha sukulu chili ndi matemu atatu, kuyambira Seputembala mpaka Julayi. Pa kalendala matemuwa amaoneka ofanana, koma kwa ife a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka si ofanana ayi. Mnzathu wa pa Dedza boma amavala juzi nthawi yomwe ife tikupukuta thukuta ndi kolala ya yunifomu. Iye akamawerenga masana, ife tulo tatigwira ndi kutentha. Choncho ndondomeko ya nthawi yokopera m'buku lolembedwera ana a m'tauni singatithandize kwenikweni. Yathu iyenera kutsata nyengo ya kuno, munda wa kuno komanso mtunda umene timayenda kuchokera kunyumba.

Tiyambe ndi masamu osavuta. Tiyerekeze kuti mumayenda ola limodzi popita ndi ola limodzi pobwerera, mumakhala m'kalasi maola asanu ndi awiri, mumagona maola asanu ndi atatu. Apo apita kale maola 17. Otsala ndi 7, ndipo mmenemo muli kutunga madzi, kuphika, kudya, kusamba, kuwerenga, mpira, kalabu ndi ganyu. Amene ali mu timu ya mpira, mu kwaya, mu kalabu ya zisudzo komanso amapalasa kabaza madzulo, akudya nthawi yomwe alibe. Ngongole yakeyo amadzaibweza mu Juni, pa mayeso.

Temu yoyamba: dzuwa ndi masewero

Temu iyi ndi yabwino pa masewero chifukwa bwalo ndi louma, udzu ndi waufupi, ndipo kumunda ntchito sinafike pothina. Vuto ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Zimene timaphunzira mu Biology zimaoneka poyera pa bwalo. Thupi likatentha limatulutsa thukuta kuti lizizire, ndipo thukutalo limatuluka ndi madzi komanso mchere. Mukapanda kubwezeretsa, mutu umawawa, maso amachita chidima, minofu ya m'miyendo imakokana. Njira yodziwira ndi yapafupi: yang'anani mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu kwambiri komanso wochepa, ndiye kuti thupi likupempha madzi. Imwani musanayambe kusewera, osadikira ludzu. Botolo lakale la sobo lotsuka bwino ndi lokwanira, sizifuna ndalama zimenezi.

Mnzanu akagwa pa bwalo chifukwa cha kutentha, musamuunjirire ngati mwaona ngozi ya minibasi. Mutengereni pa mthunzi, mumasuleni zovala zothina, mumuthire madzi m'thupi ndi kumukupiza. Ngati akutha kuyankhula ndi kumeza, mupatseni madzi pang'onopang'ono. Ngati wakomoka kapena akuyankhula zosamveka, musamumwetse kanthu, itanani aphunzitsi ndipo apite naye kuchipatala msanga. Wobinya mwendo naye asakakamizidwe kumaliza gemu. Apume, mwendowo aukweze m'mwamba, auike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Kuukoka ndi kuupotokola, monga amachitira madokotala athu a m'mbali mwa bwalo aja, kumangoonjezera kutupa.

Tsono za maloto. Palibe cholakwika kulota. Temwa Chawinga, mtsikana wa ku Rumphi, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha wasewerapo ku Italy ndi ku France. Ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisano wa dziko lonse wa netibo ku Sydney mu 2015. Onsewa anayambira pa mabwalo a fumbi ngati lathuli. Koma werengani mayina amene ndatchulawa, kenako muwerenge atsikana ndi anyamata amene amasewera m'sukulu zonse za m'Malawi muno. Mpira umatenga anthu ochepa, ndipo bondo limodzi likathyoka nkhani yatha. Ine ndimati sewerani ndi mtima wonse masiku awiri kapena atatu pa sabata, masiku enawo nsapato zipume. Ndipo anyamata, bwalo si lanu nokha. Atsikana akafuna kumenya chikopa, apatseni nthawi yeniyeni, osati mphindi khumi dzuwa litalowa kale.

Temu yachiwiri: mvula, munda ndi ganyu

Iyi ndiye temu yovuta, tisanamizane. Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, kumunda kuli kupalira ndi kubandira, ku sikimu ya Bwanje kuli kuwokera mpunga, mitsinje yadzaza, malungo nawo ali pakhomo. Madesiki opanda anthu amachuluka nthawi imeneyi. Wina wajomba Lolemba chifukwa cha ganyu, Lachiwiri chifukwa mtsinje unasefukira, Lachitatu chifukwa akuchita manyazi kuti alibe manotsi a masiku awiri aja. Sabata yatha. Ambiri amene anasiya sukulu sanachite kulengeza kuti lero ndasiya. Anangoyamba kusowa pang'onopang'ono mpaka dzina lawo linaleka kuitanidwa.

Sindinganene kuti lekani ganyu, chifukwa kwa ena ganyu yemweyo ndiye sopo, makope ndi ufa. Chomwe ndinganene ndi chakuti ganyu apatsidwe tsiku lake. Khalani pansi ndi makolo kapena amene akukusungani, muwaonetse masiku a mayeso, mugwirizane kuti Loweruka lonse ndi la kumunda, mwinanso ola limodzi m'mamawa, koma nthawi ya kalasi ikhale ya kalasi. Makolo ambiri amamva mukawafotokozera mwaulemu ndi pepala m'manja. Chimene chimawakwiyitsa ndi mwana wokana khasu ponena kuti akuwerenga, kenako n'kumupeza ku vidiyo sho akuonera Arsenal.

Dziwaninso lamulo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka za pakati pa 14 ndi 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Kupopera mankhwala m'munda wa thonje wopanda chodzitetezera, kugona pa nyanja usiku wonse ndi asodzi a usipa, kusenza matumba olemera kuposa msinkhu wanu, zonsezi si za mwana wa sukulu ngakhale ndalama yake ikhale yokoma chotani. Amene mumaponda m'madzi a m'minda ya mpunga kapena osayenda a m'mbali mwa nyanja, kumbukirani likodzo. Mukaona magazi mu mkodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Si chizindikiro cha kukula monga ena amanenera.

Mukajomba pa chifukwa chenicheni, tsiku lomwe mwabweralo bwerekani kope la mnzanu, mukopere, kenako mufunse aphunzitsi pomwe simunamve. Gulu lowerengera limodzi la anthu anayi kapena asanu a mudzi umodzi limathandiza kwambiri apa. Likapitirira pamenepo limasanduka bwalo la miseche.

Makalabu amakoma temu yomweyi chifukwa bwalo la mpira limakhala matope. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndiye a kalabu ya Wildlife, nthawi yanu ndi ino. Koma kudzala n'kosavuta. Ntchito ili pa kutchingira mbuzi ndi kuthirira mu Okutobala, ndipo kalabu iziwerenga mitengo imene yapulumuka, osati imene inadzalidwa pa tsiku la zithunzi. A kalabu ya mtsutso akuphunzira kuima pagulu ndi kuyankhula Chingerezi mopanda kunjenjemera, zomwe zidzawathandiza pa intavyu. A zisudzo, a Edzi Toto, a SCOM ndi YCS, onse ali ndi chawo. Sankhani imodzi, mukachulutsa ziwiri. Ndipo mukalowa, landirani udindo. Mlembi amene wasunga maminitsi chaka chathunthu, kapena msungichuma amene mabuku ake sanasowe ngakhale K100, waphunzira zambiri kuposa wongokhala kumbuyo kudikira tsiku la ulendo.

Ganyu ndi kuphunzira ntchito ndi zinthu ziwiri

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ambiri timazisokoneza. Pa ganyu mumagulitsa mphamvu zanu, madzulo mulandira ndalama, mawa mudzuka muli chimodzimodzi. Pophunzira ntchito mwina simulandira kanthu, koma mumachokapo mukudziwa chinthu chimene dzulo simumachidziwa. Sukulu zathu za CDSS sizitumiza ophunzira ku makampani ngati mmene amachitira a m'makoleji a ntchito zamanja, ndiye mwayi umenewu timayenera kuufuna tokha pa holide.

Ndipo malo alipo, kungoti timawadutsa tsiku ndi tsiku osawaona. Ku Mua, komwe mishoni inayamba mu 1902, kuli Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa mu 1976. Zosema za amisiri a kumeneko zafika mpaka kunja kwa dziko lino, ndipo alendo amabwera kudzaona za Achewa, Angoni ndi Ayao mu Chamare Museum. Ambiri mwa amisiri osema ndi a m'midzi yathu yomweyi, ena ndi amalume athu. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mu Namikokwe, ndi buku la Agriculture lotsegula: ngalande, kagawidwe ka madzi, nazale, katalikiridwe ka mbande. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kumeneko simungangolowa, koma kalabu ya sayansi itha kupempha aphunzitsi kuti alembe kalata yopempha kukaona. Kupatula apo pali telala wa pa msika, kalipentala, wowotcherera, makanika wa njinga zamoto, wokonza mafoni ndi masola a m'nyumba.

Kapemphedwe kake nako n'kofunika. Musangotulukira ndi manja m'thumba n'kuti "bwana, ntchito ilipo?" Pitani ndi kholo kapena kalata ya aphunzitsi. Nenani momveka: "Bambo, ndine mwana wa sukulu, ndimafuna ndizibwera m'mawa kwa masabata atatu a holide kuti ndiphunzireko, ndizikuthandizani kusesa ndi kugwirizira matabwa." Mmisiri akaona kuti mumafika pa nthawi yake ndipo simukhudza zida popanda chilolezo, tsiku lina adzakupatsani randa kuti muyese. Masiku oyamba mudzangopala thabwa ndi sandipepa basi. Pirirani, aliyense anayambira pomwepo.

Khalani ndi kope lapadera. Tsiku lililonse lembani deti, zimene mwachita, dzina la chida chatsopano, ndi mtengo wa zinthu. Mwachitsanzo, ngati telala wasoka siketi, lembani mtengo wa nsalu, ulusi, zipi ndi ndalama imene walipiritsa, kenako muwerengere phindu. Ameneyo ndi Mathematics yemwe uja timati ndi wovuta, wangovala zovala zina. Pomaliza pemphani mmisiriyo akulembereni mizere iwiri kapena itatu yochitira umboni kuti munaphunzira kwa iye, asainire. Kapepala kameneko mudzakafuna tsiku lofunsira malo ku koleji ya ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, kapena pofuna ntchito ina iliyonse.

Asisi anga, mawu awa ndi anu makamaka. Pitani awiriawiri, gwirani ntchito pamalo poonekera, bwererani kunyumba kusanade. Munthu wamkulu akayamba kukupatsani timphatso ndi mayunitsi n'kumati musauze aliyense, chokanipo tsiku lomwelo ndipo muuze mayi, aphunzitsi aakazi kapena amayi a mother group. Dera lathu lino linadziwika dziko lonse lapansi chifukwa Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera kusukulu, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Amene akukuuzani kuti sukulu ilibe phindu, adzakusamalani yekha, akuphwanya lamulo.

Temu yachitatu: mayeso

Apa palibe zambiri zokambirana. Kunja kwayamba kuzizirako, mutu umagwira bwino, ndipo a MANEB ali pa khomo. A Fomu 2 muli ndi JCE, a Fomu 4 muli ndi MSCE. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndipo kuti mupikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Zigoli zimene munamwetsa mu temu yoyamba siziwerengedwa pamenepo.

A Fomu 4, tulani maudindo a m'makalabu kwa a Fomu 3 temu isanafike pakati, pamodzi ndi mabuku, makiyi ndi ndalama zonse, pamaso pa patironi. Mpira musausiyiretu. Kuthamanga theka la ola kawiri pa sabata kumathandiza kugona bwino, koma gemu ya mabonanza ya kumudzi, komwe miyendo imathyoka chifukwa cha mbuzi, idikire pepala lomaliza. Kukolola chimanga, kupuntha mpunga ndi kutola thonje kumagweranso miyezi yomweyi, ndiye kukambirana kuja ndi makolo kuchitikenso kachiwiri, ndipo nthawi ino muwaonetse taimutebulo yeniyeni ya mayeso.

A Fomu 1 ndi Fomu 3, inu mulibe mayeso a boma chaka chino, choncho holide yaitali ya Ogasiti ndi yanu yophunzirira ntchito. Yambani kufunsa malo mu Juni. Mukadikira tsiku lotsekera sukulu, mudzapeza pa benchi ya kalipentala pali kale anyamata atatu.